A Zubairu ndi Maliro Okana Kuwoloka Shire

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Liwonde, milambe imakhala itavula masamba onse. Nyenje zimayamba kulira dzuwa lisanakwere, ndipo phula la msewu limafewa mpaka kugwira nsapato. Mitengo yosunga masamba imatsala iwiri, mango ndi nimu. Iyi ndi nyengo imene a Zubairu amati galimoto yawo imakhala ndi mtima wapachala.

A Zubairu ndi dalaivala wa matola. Amakhala kuseri kwa msika ndi akazi awo a Ramla, m'nyumba ya malata yokhala ndi nimu pakhomo. Ndi munthu wamfupi, wandevu zaimvi, wa mawu ochepa. Chala chawo chamkombaphala chinapindika kalekale chitamenyedwa ndi fani ya injini. Anayamba ntchito ngati wokweza matumba pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo kuyendetsa anaphunzira poyang'ana mapazi a madalaivala amene ankawakwezera katundu.

Galimoto yawo ndi pikapu yakale ya petulo, yokhala ndi zitsulo zogwirira kumbuyo, ya mtundu umene amakaniko a masiku ano amauzungulira akuseka. M'mbali mwa injini muli kapampu kachitsulo, kakang'ono ngati chibakera cha munthu. Injini ikamazungulira, kapampuko kamakoka petulo m'thanki n'kumukankhira ku kabuleta, kumene amasakanikirana ndi mpweya. Kakasiya kukoka, galimoto imafa ndi ludzu ngakhale thanki ili yodzaza. A Zubairu amaikonda galimotoyi chifukwa chilichonse chikadwala umachiona ndi maso, umachigwira ndi manja. Chokhacho chimene sanachisamale ndi geji yoonetsa kutentha kwa injini. Inafa kale, singano yake imangogona chammbali.

"Tsiku lina mudzaphika anthu," ankatero a Ramla.

"Geji yanga ndi mphunoyi," ankayankha iwo.

Katundu wawo amasintha ndi nyengo. Pokolola amanyamula chimanga ndi thonje, kenako nandolo. M'chilimwe amanyamula njerwa ndi nsomba zouma, mvula ikayandikira feteleza. Maliro okha ndiwo alibe nyengo. Anyamula Asilamu anzawo m'jeneza, anyamula Akhristu m'mabokosi, ndipo anthu amawafuna chifukwa pa mabampu amayenda ngati anyamula mazira.

A Blasius anamwalira m'chipatala ku Balaka. Kwawo kunali ku Nkaya, koma anakwatira a Martina a kwathu, kutsidya kwa Shire, msewu wa ku Ntaja, ndipo anakhala mkamwini mpaka imvi. Mwambo umati mkamwini akamwalira abwerere kwawo, akagone pakati pa abale a mayi ake. Koma a Blasius ndi a Martina anaika ana awiri m'manda a kwathu, chaka cha chikuku. Ali pa bedi la m'chipatala, a Blasius ananena pamaso pa mkulu wawo, a Maziko, kuti akawaike pambali pa anawo. A Martina analonjeza atawagwira dzanja.

A Maziko anamva ndi makutu, koma mtima wawo sunamve. Atakambirana ndi akuluakulu a kwathu, anavomera ndi mawu ochepa: "Tiona ngati mwiniwake apite."

Adzukulu anayamba kukumba m'mamawa. Ine ndinali mmodzi wa anthu a kwathu amene tinapita kukatenga maliro.

Galimoto ya maliro imadziwika ndi masamba. A kabaza akaiona amapatuka, oyenda pansi amavula zipewa, apolisi amangoikodola kuti idutse. Ambiri amasomeka kanthambi kamodzi pa bampala, basi. Koma pamene a Zubairu anali m'kati kuthandiza kunyamula bokosi, a Maziko anathyola nthambi za mango zodzaza manja, n'kuzimanga ndi luzi pa mphuno penipeni pa galimoto, pa tizitsulo ta kutsogolo.

"Mng'ono wanga sanali nkhuku," anatero. "Aliyense aone kuti pakudutsa munthu."

A Zubairu potuluka anawaona masambawo, koma sanaganize kanthu. Munthu amene wanyamula maliro moyo wake wonse, masamba sawaonanso.

Tinatuluka m'tauni dzuwa litakwera kale. A Maziko anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ife tinadzaza kumbuyo, mawondo akugunda bokosi. A Martina anakhala kumutu, atafunda chitenje chakuda, dzanja lili pa chivindikiro. Sankalira. Amayi anayamba nyimbo motsitsa.

Tisanafike pa Chiyendausiku, galimoto inakhosomola. Inadumpha ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe, inathamanganso pang'ono, kenako mawu a injini anazilala. A Zubairu anaipatutsira m'mbali mwa msewu. Nyimbo inaduka pakati. Kunatsala nyenje zokha.

Aliyense ankadziwa zimene mnzake akuganiza. Kwathu kuno galimoto ya maliro ikafa panjira, sitiyamba ndi kufunsa za injini. Timati mwini maliro akukana.

A Zubairu anatsika ndi kathumba ka masipanala. Anayamba ndi zosavuta. Anatsegula chotsekera thanki atatchera khutu, chifukwa thanki ikatsekeka mpweya imapuma mokweza ukaitsegula, ndipo pampu imakhala ikulephera kukoka. Siinapume. Anagwedeza galimoto, petulo anamveka kuti alimo wambiri. Anakweza boneti. Kasefa ka pulasitiki kamene petulo amadutsamo asanafike pa pampu kanali ndi thovu, petulo atangotsala pansi. Anakachotsa, anakauzira ndi pakamwa, timinyalala tofiira tinatuluka.

"Ndi kasefa, ambuje," anauza a Maziko. "Fumbi la chilimwe."

"Mwatero?"

Anabwezera kasefako n'kuliza sitata. Injini inazungulira nthawi yaitali yopanda kanthu, kenako inagwira. Amayi ena anausa moyo. Koma a Maziko anali atapita kale pa mango wa pakhomo lina m'mbali mwa msewu. Anabwera ndi nthambi zina, n'kuzipanikiza pamwamba pa zoyamba zija.

"Mwina ulemu waperewera," anatero.

Ulendo wachiwiri sitinapite patali ngati poyamba. Galimoto inafa pamalo opanda mthunzi, pakati pa minda ya thonje imene inali itatsala mapesi okhaokha. Msewu unkanjenjemera ndi kutentha.

Pakati pathu panali a Jimu, mphwake wa malemu, bambo wa kabaza wa ku Balaka wodziwika ndi pakamwa.

"Adalaivala, iyi ndi galimoto kapena ngolo yosowa ng'ombe? Ndikanadziwa, amalume ndikanawakweza pa kaliyala. Bwenzi pano tikuwoloka."

"A Jimu, pakamwapo papumule. Bwerani mupotoze kiyi ndikakuuzani."

A Zubairu anamasula paipi pamene imalowa mu kabuleta, n'kuilowetsa m'botolo. Pampu yamoyo imaponya petulo mwamphamvu, kuponya ndi kupuma, ngati mkaka wa ng'ombe pokama. A Jimu atapotoza kiyi, m'botolo munagwa thovu ndi timalovu, kenako mpweya wokha.

Ndiye kuti vuto linali pa pampu. M'kati mwake muli kachikopa ka labala kamene kamakwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu. Kakang'ambika, petulo amathawira mu oyilo, kapena amadontha pa kabowo kapansi. A Zubairu anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukanunkhiza. Munali oyilo yekha. Anapisa chala pansi pa pampu kufuna kabowo kaja, n'kuchibweza msanga akukukuta mano. Chinali chouma, koma chitapsa. Anayenda ndi zala paipi yochokera ku thanki, kufuna mng'alu wolowetsa mpweya. Panalibe. Anaiyamwa, petulo anawadzaza m'kamwa, analavula m'fumbi.

Petulo ankafika. Pampu inali yosang'ambika. Koma siinkapopa.

Anaima ataweramira injini, mimba yawo itatsamira pa mtolo wa masamba uja, thukuta likudontha ku ndevu. Radiyeta inkalira pansipansi ngati ketulo. Apa anazindikira kuti ndi kutentha: petulo akuwira m'paipi asanalowe m'pampu. Koma chikutenthetsa n'chiyani? Anakanikiza lamba wa fani, anali wolimba. Sabata yomweyo anali atanyamula njerwa pa msewu womwewu, dzuwa lili lomweli, galimoto osadandaula. Anadikira kuti radiyeta itsike mtima, n'kuthiramo madzi onse a m'chigubu.

Pamene ankachita izi, a Maziko anakwera kumbuyo. Tinawapatsa malo. Anagwada, n'kugogoda bokosi ndi chala ngati munthu wofika pakhomo la eni.

"Blasius. Ndine Maziko. Ngati m'chipatala muja anayankhula ndi malungo, usachite manyazi. Amayi ali ku Nkaya. Malo pambali pawo alipo."

"Alamu," anatero a Martina, mawu ali pansi, "munalipo. Analibe malungo."

"Ndinamva pakamwa pa wodwala, alamu. Lero ndikumva mwiniwake."

"Ana ake akumudikira."

"Nanga amene anamubereka sakumudikira?"

Foni ya mkulu wina wa kwathu inalira. Anali adzukulu, akufunsa kuti tili pati, manda atha. Mkuluyo anayankha kuti tili m'njira, n'kuibisa foniyo msanga ngati yatukwana. Ntchentche zoyamba zinali zitafika pa bokosi. Mayi wina ankazipitikitsa ndi mpango.

A Maziko anaimirira kuti aliyense amve.

"Aka n'kachiwiri. Ikazimanso tisanawoloke Shire, tibwerera ku Nkaya, ngakhale pamapewa. Ndipo pasapezeke wonena kuti walandidwa maliro."

A kwathu tinang'ung'udza, koma palibe anatsutsa. Tikanatsutsa bwanji? Nafenso tinakula tikumva zomwezo, ndipo ena mwa ife tinali titayamba kale kuwayang'ana a Martina ndi diso la m'mbali. Iwo anangosuntha dzanja pa chivindikiro, pamene thabwa linali litatentha, n'kuliika pena.

Injini itazizirako inagwira. Tisananyamuke, a Maziko anadula nthambi za kamtengo ka nimu n'kutseka nazo mipata imene inatsala pakati pa masamba a mango.

A Zubairu anayendetsa pang'onopang'ono, kuinyengerera galimoto. Palibe anayambanso nyimbo. Tonse tinkamvetsera injini ngati mmene umamvetsera kupuma kwa wodwala. Pa mphambano ya ku Mangochi tinalowa m'mzere wa maminibasi, tikuyenda ngati maliro a pansi. Kutsogolo kunaoneka mzere wobiriwira wa mitengo ya m'mbali mwa Shire, ndipo mphepo inabweretsa fungo la nsomba.

Galimoto inakhosomola.

Galasi la kumbuyo kwa dalaivala linachoka kale, choncho ndinaona ndi maso anga. Isanakhosomole kachiwiri, dzanja la a Zubairu linapita pa kiyi n'kuzimitsa. Galimoto inayenda yokha mwakachetechete mpaka kuima pafupi ndi mlambe. Mlatho unkaoneka.

"Basi," anatero a Maziko akutsegula chitseko. "Kakwana katatu."

"Iyayi, ambuje. Siinazime. Ndazimitsa ndine."

"Mukuti chiyani?"

"Onani kiyi. Munali pambali panga."

"Aaa, adalaivala!" anakuwa a Jimu. "Inali ikutsirizika kale, inu mwangoitseka maso!"

"Wodwala sitimuika asanatsirizike, a Jimu."

Wina anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. A Maziko sanaseke.

"Ngati ili moyo, ilizeni tione."

A Zubairu ankadziwa kuti akailiza pamenepo siigwira. Tonse tinaona kuti akudziwa. Anatsika pang'onopang'ono.

"Ndiyang'ane kaye kamodzi."

"Mwayang'ana kawiri."

"Kamodzi kokha, ambuje. Maliro ndi anu, sindingawathawitse."

Anapita kutsogolo. Analibenso choti ayese. Thanki, kasefa, paipi, kachikopa, lamba, zonse anali atazigwira. Anaika manja pa boneti, koma sanaikweze. Anaima chomwecho, mutu uli pansi. Kenako ndinaona akukweza mphuno. Panali fungo, osati la petulo, osati la oyilo. Linali fungo la masamba ofutsa, ngati pakhomo pamene akuphika mfutso.

Anagwada. Ndi chala chopindika chija anapatula nthambi pang'ono n'kusuzumira. Masamba a m'kati, otambalala a mango aja, fani inali itawakokera pa radiyeta. Anali atamatirira ngati nsalu yonyowa, atapsa mpaka kufiira.

"Ambuje, tabwerani."

"Mukhudze tsamba limodzi muone," anatero a Maziko akuyandikira.

"Sindikhudza. Munamanga ndinu, womasula ndinu. Koma taonani apa." Anawaonetsa. "Galimoto imapumira pano. Mphepo ikapanda kulowa, m'kati umu mumasanduka uvuni ya njerwa. Petulo amawira. Ndipo pampu iyi imadziwa kukoka petulo, siidziwa kukoka nthunzi. Tikaima imazizira, n'kugwira. Tikayenda imabanika."

Nkhope ya a Maziko inalimba.

"Ndiye mukuti wapha galimoto ndine? Ulemu wanga ndiwo mlandu?"

"Sindinatero. Masambawa ndinawaona ku Balaka. Dalaivala ndine, ndinangokhala chete."

"Mukufuna mng'ono wanga adutse pa Liwonde wamaliseche, ngati matumba a makala?"

"Iyayi. Tiwakweze pamwamba, pa zitsulo zogwirirazo. Aonekera patali kuposa apa. Ndipo a Blasius apeza mthunzi. Chichokereni ku Balaka ali padzuwa."

A Maziko anatembenuka n'kuyang'ana bokosi. Vanishi wake anali atachita thukuta. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga tikasuntha masamba, iyo n'kuzimabe?"

A Zubairu anaona kuti funsolo silinali lawo. Anayang'ana kwa a Martina, ndipo tonse tinayang'ana komweko.

"A Zubairu," anatero a Martina, "mukutsimikiza kuti ndi masamba?"

"Iyayi, amayi. Ndikuganiza. Pampu yapsa kawiri lero, mwina yavulala m'kati momwe sindikuona. Wotsimikiza ndi Mulungu."

A Martina anayang'ana mlatho, kenako bokosi.

"Alamu, masulani. Ikazima masamba atachoka, ndiye kuti ndi eniake. Ndipita nanu ku Nkaya, ndipo simudzamva mawu anga."

A Maziko anamasula okha luzi lija. Ananyamula nthambi imodziimodzi, osalola wina kuwathandiza pansi, n'kumapatsira ife pamwamba. Tinazipingasa pa zitsulo mpaka bokosi linalowa mumthunzi wamawangamawanga. Masamba opsa aja a Maziko anawamatula pa radiyeta ndi zikhadabo, n'kuwaika m'thumba la jekete.

A Zubairu anakweza boneti. Mpweya wotentha unawamenya kumaso.

"Ndikufuna nsalu yoti ndikulunge pampu. Yanga ili ndi petulo, ingayake."

Tisanayambe kufufuza, tinamva kung'ambika. A Martina anali ataluma m'mphepete mwa chitenje chawo chakuda, n'kung'amba chidutswa kuchokera kumwamba mpaka pansi. Anachipereka kwa a Zubairu.

"Madzi?" anafunsa a Jimu, akugwedeza chigubu chopanda kanthu.

Pansi pa mpando wa dalaivala pamakhala kaketulo ka pulasitiki. Ndi madzi a a Zubairu otawazira, osamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali. Kutsidya kwa mtsinje mzikiti unali utayamba kuitana Swala ya masana. A Zubairu anakatulutsa kaketuloko, anakayang'ana pang'ono, kenako anakulunga pampu ndi chiyambi cha paipi ndi nsalu yakuda ija, n'kuthira madziwo pang'onopang'ono. Nsalu inalira ngati nsomba m'chiwaya. Nthunzi inakwera. Anathiranso, inaliranso, koma motsika.

"Tsopano?" anatero a Maziko.

"Tsopano tidikire."

Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kuyenda. Maminibasi ankadutsa, makondakitala akusiya kukuwa akaona masamba. A Jimu anatola chikatoni m'mbali mwa msewu n'kuyamba kukupizira injini. A Zubairu ankagwira pampu ndi kuseri kwa dzanja, n'kuchotsa, n'kugwiranso. Mayi uja ankapitikitsabe ntchentche.

Pamene dzanja linatha kukhala pa pampu osathawa, anathira madzi otsala, n'kudonthezera petulo pang'ono pakhosi pa kabuleta. Anatseka boneti. Anakwera. A Maziko anakwera pambali pawo.

"Bisimila," anatero a Zubairu.

Batire linali litatopa ndi kuliza kwa tsiku lonse. Injini inazungulira molemera, ngati mayi wosinja amene manja amuthera. Inagwira pa petulo wa pakhosi uja, inabangula, kenako inayamba kutsika. Inatsika mpaka galimoto yonse inanjenjemera. Apo ndi pamene pampu inayenera kulandira ntchito. Ndinaona phazi la a Zubairu likusisita chopondera, osachikankha. Mawu a injini anazendewera, n'kudzuka, n'kukhazikika.

Tinalowa mumsewu. Pakhomo pa mlatho pamakhala apolisi, ndipo magalimoto amaima pamzere. Kuima pamenepo injini ikulira kukanatibwezera m'moto. Koma wapolisi anaona masamba pamwamba tikadali patali. Anaimitsa enawo, anavula chipewa, n'kutikodola.

Matayala anagunda chiyambi cha mlatho. Pansi Shire ankayenda wobiriwira, atanyamula namasupuni. Mphepo ya pamadzi inatiwomba, yoyamba yozizira chichokereni m'mawa.

Pakati pa mlatho galimoto inakhosomola.

Zala za a Martina zinakanda chivindikiro. Kudzera pa zenera lopanda galasi ndinaona a Maziko atagwira chitseko, ndipo sindikudziwa chimene ankapempha mumtima mwawo. Dzanja la a Zubairu silinapite pa kiyi. Linakhala pa chiwongolero. Galimoto inameza kathovu kotsalako, inadumpha pang'ono, n'kupitirira.

Matayala atagunda nthaka ya Machinga, a Martina anagwetsa mutu pa bokosi n'kulira. Analira mokweza, kutchula dzina la amuna awo ndi maina a ana awiri aja, ndipo amayi anawalandira ndi nyimbo. Tinadutsa pakati pa Liwonde anthu akuvula zipewa. Pa chitunda cha msewu wa ku Ntaja galimoto inakwera yosadandaula.

A Blasius tinawaika dzuwa litapendeka, pambali pa timitumbira tiwiri tomwe udzu wake unali utauma. Dothi loyamba anaponya a Maziko. Pamodzi ndi dothilo anaponyamo masamba opsa aja a m'thumba la jekete.

A Zubairu sanafike kumanda. Anapempha madzi pakhomo lina, anatawaza, n'kuyala mkeka wawo pansi pa mango kubweza Swala imene inawadutsa. A Maziko pobwera kumanda anawapeza asanamalize, ndipo anaima patali mpaka anamaliza.

"Mwaona, adalaivala? Blasius chibadwire sankafuna dzuwa pamutu. Ngakhale kumunda ankalima atavala chipewa. Titangomupatsa mthunzi, wavomera."

A Zubairu anapinda mkeka.

"Ndaona, ambuje."

A Maziko anapita okha ku mjigo n'kubwera ndi ndowa yodzaza, ya radiyeta.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, a Ramla anaumirira mpaka a Zubairu anakapeza geji ina kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Balaka. Singano yake imayenda. Akaitanidwa ku maliro masiku ano, amafika ndi luzi lawolawo, ndipo amapempha mwini maliro kuti amange masamba pamwamba, iwo atagwira nthambi. Chidutswa cha chitenje chakuda chija anafuna kuchibweza, koma a Martina anakana. Chikadali pa pampu, chitauma gwa ndi fumbi, ndipo Okutobala akafika amachinyowetsa asananyamuke.